Paini wa Kumwera kwa Chitunda cha a Kapito

Tamanda ndi Limbani, ana anga, chigawo ichi ndakhala ndikuchizemba. Za ku Zomba ndi ku Chikangawa ndalemba mosavuta chifukwa kumeneko ndinali munthu wa dzina labwino. Pano ndilemba za ntchito yanga yomaliza, ya paini wa a Kapito ku South Bend. Inu mumauza anthu kuti mitengo ija inafa ndi chilala, ine n'kumangogwedeza mutu. Chilala chinalipodi, koma nkhani siithera pamenepo. Kuti mumve bwino ndiyambira pa Dedza, pamene ndinaphunzira chinthu chimene chinadzandigwetsa ndili ndi imvi kale.

Dedza, 1976

Malo anga oyamba anali nazale ya m'munsi mwa phiri la Dedza. Ndinafika ndi sutikesi ya malata ndi satifiketi ya za nkhalango imene ndinkayesa kuti indigwirira ntchito yokha. Kapitawo wathu anali a Jere, munthu wamfupi wosaseka, amene sukulu anangoinunkhiza koma dothi ankalidziwa kuposa mabwana onse a ku ofesi. Tsiku loyamba anatenga satifiketi ija, kuipsinja ndi mwala pakhonde, n'kundipatsa khasu. Anandikumbitsa maenje asanu m'malo osiyanasiyana, ndipo pa dzenje lililonse ankandiuza kuti ndifumbate dothi, nditambasule dzanja, ndinene chimene ndaona. Dothi loumbika n'kumanyezimira ngati la mbiya ankati limamiza mizu ya paini. Longoyoyoka m'zala ankati limamwa madzi lero, mawa lili ndi ludzu. Labwino linali katondo, woumbika koma wosweka ukangomudina ndi chala. Ndikalakwa kuyankha sankandikalipira, ankangoloza malo ena okumba.

Zosowa zinali zambiri. Machubu ofeseramo mbewu akatha tinkatolera mapaketi a mowa wamasese kumsika n'kuwaboola pansi. Jombo zinkabwera peyala imodzi pa anthu atatu. Lole yonyamula mbande ikasowa mafuta tinkasenza mabokosi pamutu kukwera phiri, mvula ikutiwomba kumsana. A Jere zonsezi sankazidandaula. Chimene chinkawapsetsa mtima chinali kuona mbande yabzalidwa mbali yolakwika ya phiri.

"Nkhoma," ankatero, "mbande ndi khanda. Khanda suligoneka padzuwa. Ukakhala ndi phiri, mbande zako uzibise kumwera."

Sankanena zam'mutu. Kwathu mvula ikatha, dzuwa limayenda chopendekera kumpoto kwa miyezi yambiri, ndipo mbali ya kumpoto ya phiri imauma msanga. Mbali ya kumwera imakhala ndi mthunzi, komanso mphepo ya mwera imabweretsa nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamasunga mbande mpaka dzinja lidzafike. Ndinaziona pa Dedza, ndinakazionanso ku Zomba ndi ku Chikangawa. Zaka makumi atatu ndi ziwiri lamulo la a Jere silinandinamizepo ngakhale kamodzi, moti m'mutu mwanga mawu oti mwera ndi oti kuzizira anasanduka mawu amodzi. Popuma ntchito a Jere anandisiyira kampasi yawo yamkuwa, ndipo ndinabwera nayo kuno m'thumba la jekete.

Beech Grove, 2010 mpaka 2011

Mayi anu atatisiya, iwe Tamanda unandiitanitsa kuti ndisakhale ndekha m'nyumba ija ya ku Mzuzu. Miyezi yoyamba ku Beech Grove, m'mphepete mwa mzinda wa Indianapolis, inandiwawa. Iwe unkachoka m'mawa kupita ku shifiti, zidzukulu ndikaziyankhula m'Chichewa zinkandiyankha m'Chingerezi, ndipo ine amene ndinkalamulira anthu mazana awiri m'nkhalango ndinkangokhala pawindo kuwerenga magalimoto. Munthu wa kutchalitchi ndiye anandipezera ntchito pa kampani ina yobzala kapinga ndi mitengo kuzungulira maofesi. Kapitawo wake anali Riki, mzungu wothamanga magazi amene dzina langa linamulaka n'kumangonditchula kuti Niki.

Tsiku lina anatitumiza ku dera la Speedway kukabzala paini makumi asanu ndi limodzi kuseri kwa ofesi yatsopano. Nditakumba dzenje loyamba ndinafumbata dothi monga mwa chizolowezi. Linali dongo lotuwa, lomata, ndipo m'mawa mwake ndinapeza madzi ataima m'dzenjemo osaphwera. Ndinamuuza Riki kuti paini sangakhale pamenepo, mizu iwola. Iye anandionetsa pepala la pulani n'kunena kuti pepalalo likuti paini, ndipo ife ntchito yathu ndi kubzala. Tinabzala. Isanathe miyezi isanu masamba anachita chikasu, ndipo titazula mtengo umodzi mizu yake inali yakuda, ikununkha ngati chithaphwi. Kuyambira pamenepo Riki sankayamba ntchito ine ndisanafumbate dothi.

Nkhaniyi inafika kutchalitchi, ndipo monga mudziwa, nkhani ikadutsa pakamwa pa Amalawi atatu imanenepa. Anthu anayamba kunena kuti a Nkhoma amamva dothi likamayankhula, ena n'kumati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindibisa, ndinatupa nazo. Kwa munthu amene anali atazolowera kutchedwa Niki, mawu amenewa anali okoma kwambiri. Chimene sindinaone n'chakuti ndinali kuyang'ana pansi pokha. Mumzinda ndinkayenda pagalimoto, njira ndinkazidziwa ndi mayina a misewu, ndipo kwa zaka ziwiri sindinaimepo masana kuti ndione kumene chithunzithunzi changa chaloza.

South Bend, Malichi ndi Epulo 2012

A Kapito ndinakumana nawo pa chisangalalo cha Amalawi ku Indianapolis. Anali munthu wamtali, woyankhula pang'onopang'ono, ndipo ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala cha pakati pa South Bend. Anabadwira pa Dedza pomwepo, kunsi kwa phiri limene ine ndinkasenzako mabokosi. Iwo ndi akazi awo anali atagula malo kunja kwa mzinda, nyumba yakale ndi chitunda chimodzi cha mchenga chopanda mtengo ndi umodzi womwe. Tsiku limene ananditengera kukaona malowo anandisiya ndikwere ndekha, iwo n'kumabwera m'mbuyo akupumira m'njira. Titafika pamwamba anandiuza kuti impso zawo zikutha.

"Achimwene, andicheka kale kangapo," anatero. "Madokotala akuti ndikakhala ndi mwayi, zaka zisanu. Kumudzi sindingapite, kulibe makina otsuka magazi amene ndidzawafune. Sindikufuna zambiri. Ndikufuna ndidzakhale pampando pamthunzi wa paini, ndimve fungo lija la kwathu. Mukuti zingatheke?"

Ndinawayankha kuti paini wa kuno akapeza malo abwino, pakatha zaka zinayi amapitirira mutu wa munthu. Ndinawalonjeza mthunzi, ndipo ndinalonjeza ndi pakamwa podzaza. Ndinasiya ntchito kwa Riki n'kukakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo.

Ndinakumba maenje mbali zonse za chitundacho. Ponseponse unali mchenga woyoyoka m'zala, kupatula kuti mbali imodzi kunali kadothi kakuda pamwamba, ndipo udzu wake unali wonenepa. Mchenga ndinauwerenga bwino, ndinadziwa kuti susunga madzi ndipo mbande zifunika mbali yozizira. Kenako ndinatulutsa kampasi ya a Jere, kuiika pachikhatho, n'kuloza kumwera. A Kapito anavomera msanga. Anati nawonso amakumbukira kuti kwawo khoma la kumwera ndi limene linkamera ndere. Tonse awiri tinali ana a Dedza, ndipo wina analibe chomukonza mnzake.

Chenjezo linalipo, ine ndiye ndinatseka makutu. Mayi Kapito anandiuza kuti mbali imene ndasankhayo sinowo, madzi oundana aja amagwa nthawi yozizira, imayamba kusungunuka, pamene mbali inayo imakhalitsa masabata angapo. Ine ndinamva ngati akuti dothi la kumwera limakhala lokonzeka msanga, ndipo ndinawathokoza. Mbande zitafika zinabwera ndi kabuku ka malangizo. Ndinakaponya pansi pa mpando wa galimoto ndikuti munthu wa zaka makumi atatu m'nkhalango saphunzitsidwa ndi kabuku. Safunsa anadya phula.

Mbandezo zinali mazana asanu ndi atatu, zopanda machubu, mizu ili poyera, zokulungidwa m'mapepala onyowa. Loweruka lina la mu Epulo kunabwera Amalawi a ku South Bend ndi a ku Indianapolis kudzathandiza. Iwe Tamanda unayendetsa galimoto maola atatu utangoweruka, ndipo ndikukumbukira ukuuza amayi ena kuti adadi akabzala mtengo sufa. Ndinamanga zingwe, mizere inawongoka, ndipo pofika madzulo mbali yonse ya kumwera inali itadzaza. Panatsala mbande makumi anayi zoonda, zina zokhota. Ndinafuna kuzitaya koma mayi Kapito anakana, anati chamoyo sichitayidwa. Ndinapita nazo kuseri kwa chitunda, mbali ya kumpoto pafupi ndi tchire, n'kuzisomeka mwachisawawa popanda chingwe, popanda manyowa. Sindinaganize zobwererakonso.

Juni mpaka Ogasiti 2012

Mvula inasiya. Chaka chimenecho aliyense wa ku Indiana amachikumbukira. Chimanga m'minda ya azungu oyandikana nafe chinapota masamba, kapinga anauma, ndipo mchenga wa pachitunda unkatentha mpaka kudutsa m'nsapato. Tinaika thanki pa galimoto ya a Kapito ndipo ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, koma madzi ankangolowa mumchenga ngati ndikuthira m'dengu. Chitsime chitayamba kutulutsa matope ndinachepetsa. Mbande zinayamba kufiira kuyambira mzere wa pamwamba kutsika m'munsi, mzere ndi mzere. Pofika kumapeto kwa Julaye zamoyo sizinkakwana makumi asanu, ndipo nazonso zinali zongodikira. Anthu ankandiimbira foni kundipepesa. Onse ankati ndi chilala, ndipo inenso ndinkakhulupirira choncho.

Tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, ndinazungulira kuseri kwa chitunda kukafuna fosholo imene ndinaisowa. Ndinapeza mbande zija zotaya zili zobiriwira. Pa makumi anayi zinafa zitatu zokha. Zinazo zinali zitatulutsa nsonga zatsopano, ndipo palibe amene ndinkadziwa kuti anazithirirapo. Ndinagwada, ndinakumba ndi zala, ndipo pansi panali pozizira, pachinyezi. Poimirira ndinaona chithunzithunzi changa chitagona kutsetsereka chitunda. Ndinatulutsa kampasi. Chithunzithunzicho chinaloza kumpoto. Kwathu mwezi wa Ogasiti masana chithunzithunzi chimaloza kumwera.

Ndinakhala pansi pamchenga. Kusukulu anatiphunzitsa kuti dziko ndi lozungulira ndipo mbali ya kuno dzuwa limapendekera kumwera. Ndinkazidziwa, ndinakhoza nazo mayeso, koma zinakhala m'buku, ndipo manja anga ankamvera a Jere. Kuno mphepo yozizira imachokera kumpoto, kunyanja yaikulu imene ili kufupi ndi South Bend. Yochokera kumwera ndi imene imabweretsa kutentha. Ndinali nditatenga makanda pafupifupi mazana asanu ndi atatu n'kuwagoneka padzuwa penipeni, pamchenga, m'chaka cha chilala. Pa zaka zisanu za a Kapito ndinali nditadya chimodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge mofatsa. Chimene ndinayenera kuchita chinali chosavuta: kutsika, kukagogoda, n'kunena kuti achimwene ndalakwitsa mbali, koma bwerani mudzaone, makumi atatu ndi asanu ndi awiri ali moyo. Koma ndinaganiza za amayi aja amene iwe Tamanda unawauza kuti adadi akabzala mtengo sufa. Ndinaganiza za kutchalitchi, za munthu womva dothi likamayankhula, za kubwerera pawindo lija la ku Beech Grove. Ndinachita mantha ndi manyazi, ndipo manyazi ndi amene anapambana. Bola chilala chinali chitasenza mlandu wanga, ndipo mboni zokha zonditsutsa zinali mbande zobiriwirazo. Ndinazizula zonse. Mchenga unali wofewa, sizinandivute. Manja anga anachita zimene anazolowera pa nazale, ndinaziika khumi khumi n'kuzimanga ndi udzu, kenako ndinaponya mitoloyo m'tchire.

Patapita masiku angapo mayi Kapito anafunsa patebulo za mbande zawo za kuseri. Ndinati agwape anazidya, pajatu agwape a kuno amakonda nsonga za paini. Iwo anadandaula pang'ono. A Kapito anangopitiriza kudya, kenako anati pepani a Nkhoma, mwavutika chaka chino.

2013 mpaka Epulo 2014

Bodza limafuna kulisamalira ngati mbuzi yodwala. Itafika nthawi yobzalanso sindikanatha kusamukira kumpoto popanda kufotokoza chifukwa chake, choncho ndinabzalanso kumwera. Ndinadziuza kuti chaka cha mvula yabwino mbali iliyonse imagwira. Ndinakumba maenje akuya, ndinathira manyowa, ndinaphimbira tsinde lililonse ndi utuchi, ndipo ndinagwira ntchito kuposa chaka china chilichonse cha moyo wanga. Ulendo uno sitinaitane anthu. Mvula inagwadi bwino ndipo mbande zambiri zinagwira, ngakhale kakulidwe kake kanali kaulesi, nsonga zazifupi, masamba otumbuluka. Ndinayamba kupuma bwino, ndikuti mwina ndapulumuka.

A Kapito chaka chimenecho anasiya ntchito n'kuyamba kupita ku makina otsuka magazi katatu pa sabata. Akabwerako ankakhala pakhonde atafunda bulangete, akuyang'ana chitunda. Nthawi zina ankandifunsa ngati ndikukhutira ndi malowo. Ndinkati inde. Iwo ankangoti chabwino, inu ndinu eni ntchito.

Mu Januwale 2014 kunabwera kuzizira kumene ngakhale azungu obadwira konkuno ankati sanakuonepo kwa zaka zambiri. Dothi linauma gwa ngati mwala. Mphepo inasesa sinowo pamwamba pa chitunda, ndipo imene inatsala mbali ya kumwera dzuwa la Febuluwale ndi Malichi linaisungunula, mbande n'kutsala pambalambanda. Apa ndinaphunzira chinthu chimene pa Dedza sichichitika. Dzuwa likawomba masamba a paini masana, masambawo amadzuka n'kuyamba kutaya madzi, pamene mizu ili m'dothi loundana ndipo singamwe kanthu. Mbande zinafa ndi ludzu zitaima pamadzi. Pofika kumapeto kwa Malichi mbali yonse inali yofiira ngati yadutsa moto. Nditazungulira kumpoto ndinapeza sinowo idakali yofika m'maondo, itafundika pansi bwinobwino, pamalo pomwe paja ndinazulapo.

Ulendo uno panalibe chilala choti ndibisaleko. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza a Kapito ali pampando wawo, ndinavula chipewa n'kuwauza kuti ndinalakwitsa mbali ya chitunda. Ndinafotokoza za a Jere, za mwera, za dzuwa la kuno. Anandimvetsera osandidula.

"Mwadziwa liti zimenezi, achimwene?" anafunsa.

"Chaka chino," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine maso anga anali pa chipewa.

"Madzi akatayika saoleka," anatero pomaliza. "Tiodenso zina. Koma ulendo uno mupulane ndi dzuwa la kuno."

Sanandithamangitse, sanauze munthu, ndipo kutchalitchi nkhani inakhalabe ya chilala ndi chisanu. Mu Epulo tinabzala kumpoto. Ndinakatenga kabuku kaja pansi pa mpando wa galimoto, ndipo pa tsamba lachiwiri panalembedwa zonse zimene ndinaziphunzira ndi mbande zoposa chikwi.

Seputembala 2016

Paini wa kumpoto anagwira pafupifupi yense. Ankakula mokondwa, wobiriwira bii, nsonga zowongoka, ndipo munthu wina aliyense akanasangalala kumuona. Ine ndinkamuyeza ndi ndodo mwezi uliwonse ndikumukalipira mumtima kuti afulumire. Koma mtengo suthamanga chifukwa choti munthu akudwala. Pofika 2016 wamtali kwambiri ankandifika m'chiuno. A Kapito anali atatha thupi, miyendo itatupa, akuyenda pa njinga ya odwala. Zaka zisanu zija sizinkaoneka kuti zikwana.

Tsiku lina la mu Seputembala, masana, anapempha kuti tiwatengere kuseri kwa chitunda. Ndinakankha njinga m'kanjira kamene ndinasalaza, mayi Kapito akutitsatira. Titafika m'mizere dzuwa linkawawomba kumaso, ndipo mayi anabwerera kunyumba kukatenga ambulera. Tinatsala awiri. Anathyola kanthambi, anakafikisa m'zala n'kununkhiza. Anati fungo ndi lomwelo, la pa Dedza. Kenako anayang'ana cha kutchire kuja.

"A Nkhoma," anatero, "agwape a kuno ndi ophunzira. Amazula mbande n'kuzimanga mitolo ya khumi khumi."

Anapitiriza mofatsa, ngati akunena za nyengo. Anati chaka cha chilala chija, akaweruka kuchipatala, ankaimika galimoto kumsewu n'kudutsa m'tchire kudzaona mbande zimenezo. Sankazithirira, ankangoima n'kumaziyang'ana, chifukwa pamalo onse ndi zokhazo zimene zinkaoneka kuti zikufuna kukhala ndi moyo. Sanandiuze poopa kundichititsa manyazi, ankadikira kuti ndizione ndekha. Tsiku lina anapeza maenje okhaokha, ndipo mitolo anaipeza m'njira yawo yomweyo, udzu womangira udakali wauwisi.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandifunsire nthawi yonseyi, n'kundilola kubzalanso kumwera.

"Munthu wamkulu sachita kumuvula, amavula yekha," anatero. "Ndimati muvula sabata yamawa. Kenako ndimati mwezi wamawa. Nanenso ndinalakwa, ndinadikira ngati munthu amene ali ndi nthawi."

Ndinagwada pamchenga n'kupepesa. Ndinalira, ine bambo wanu, ndipo sindikuchita manyazi kulemba zimenezi. Anandisiya mpaka ndinatonthola, kenako anandiuza kuti ndidzuke, mayi angatipeze choncho. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinawakakamize. Anangofunsa funso limodzi.

"Zikanakhala zafika pati pano?"

Funso limenelo yankho lake ndinali nalo kale, ndinkaliwerengera chaka chilichonse. Ndinaima patsogolo pawo, chakumtunda, n'kukweza dzanja kupitirira mutu wanga mpaka pamene mkono unathera. Dzuwa linali kumsana kwanga, kumwera kumene limakhala kuno, ndipo mthunzi wa chikhatho changa unagwera pankhope pawo. Anatsinzina.

"Musatsitse msanga," anatero.

Ndinaima choncho mpaka phewa linachita dzanzi, ndipo mayi Kapito pofika ndi ambulera anatipeza tili momwemo.

A Kapito anamwalira mu Novembala chaka chomwecho, ndipo ine ntchito ya mitengo ndinaisiyira pomwepo. Chaka chino mayi Kapito ananditumizira chithunzi pa foni. Paini wa kumpoto wapitirira denga la galimoto, ndipo pansi pake ayamba kuikapo mpando. Sindinapiteko kukamuona. Mthunzi wonse umene munthu uja anaulandira kwa ine unali wa chikhatho chimodzi. Tamanda, ukadzafunsidwanso za paini wa a Kapito, usatchule chilala.